Nyumba za B&B m'matauni akale a kugombe ku England: chitsanzo cha Whitby

M'matauni a m'mbali mwa nyanja yamchere ku Britain muli mtundu wa malo ogona alendo umene eni dziko amautcha bed and breakfast, mwachidule B&B. Imakhala nyumba ya munthu, mwini wake akukhala momwemo ndi banja lake, koma zipinda zingapo atazipatula kuti azigonekamo alendo olipira. Mtengo wa usiku umodzi ndi wa bedi ndi kadzutsa basi. Nkhomaliro ndi mgonero mlendo amakadzionera yekha m'tauni. Mabungwe amene amayendera malo ogona ndi kuwapatsa nyenyezi, monga AA ndi VisitEngland, amati nyumba yolandira alendo osapitirira 6 ndiyo B&B, ikapitirira pamenepo ndi guest house, ngakhale pakamwa pa anthu mayina awiriwa amangosakanikirana. Hotela imamangidwa chifukwa cha alendo, koma nyumba izi zinamangidwa kuti muzikhala banja, ndipo zabwino zake zambiri ndi zovuta zake zomwe zimachokera pamenepo.

Kupita kunyanja kukapuma kunayamba ngati nkhani ya mankhwala. Cha m'ma 1626 ku Scarborough, m'chigawo cha Yorkshire, kunapezeka kasupe wa madzi owawira m'tsinde mwa phompho la kugombe, ndipo mbiri inawanda yoti madziwo amachiza. Anthu opeza bwino anayamba kupitako kukamwa, kenako n'kumadzinyikanso m'nyanja momwemo. Mu 1750 dokotala wina, Richard Russell, anatulutsa buku lolimbikitsa odwala kusamba ndi kumwa madzi a m'nyanja, ndipo Brighton, amene anali tauni ya asodzi, anasanduka kokacheza olemera, makamaka kuyambira 1783 pamene mwana wa mfumu, amene anadzakhala George IV, anayamba kumapitako. Munthu wamba anafikako ndi njanji. Sitima inafika ku Brighton mu 1841, ku Scarborough mu 1845, ku Blackpool mu 1846. Lamulo la mu 1871 linakhazikitsa masiku a tchuthi a dziko lonse, ndipo m'matauni a mafakitale a nsalu ku Lancashire munali chizolowezi chotseka fakitale sabata yathunthu, tauni yonse n'kukhamukira kugombe nthawi imodzi. Lamulo la tchuthi cholipidwa linadzabwera mu 1938.

Namtindi wa anthuwu unkafuna pogona, koma mahotela anali odula. Amene anaona mpata ndi amayi, ena mwa iwo amasiye, amene ankachita lendi nyumba zazitali zoyandikana ndi gombe n'kumagonekamo alendo. Kachitidwe ka nthawiyo kangadabwitse mlendo wa lero. Alendo ankagula okha ndiwo kumsika, mayi wa nyumba n'kuwaphikira, ndipo mchere, tsabola ndi viniga wa patebulo ankalipiritsa padera. Madzi otentha osamba analinso ndi mtengo wake. Kadzutsa akatha, aliyense ankayenera kutuluka osabwerera mpaka nthawi ya chakudya, kaya kunja kukugwa mvula. Amayiwa anasanduka mutu wa nthabwala za Angelezi, zowanena kuti ndi aukali ndi aumbombo. Nthabwalazo zinkasiya kunena kuti mayiyo ankayenera kupeza m'miyezi itatu ndalama zodyera chaka chonse, nthawi zina iye ndi ana ake atasamukira kukhitchini kuti chipinda chilichonse chilowe alendo. Katswiri wa mbiri yakale John K. Walton analemba buku lonse la amayi a ku Blackpool amenewa mu 1978.

M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 maulendo a pandege otsika mtengo opita ku Spain anawalanda alendo matauniwa. Amene ankadalira mchenga ndi dzuwa zokha anagwa nazo kwambiri, popeza dzuwa la ku England silingapikisane ndi la ku Mediterranean, ndipo nyumba zambiri za alendo zinasanduka zalendi za anthu osowa. Matauni okhala ndi zakale zoti munthu aone anapirira, chifukwa bwinja la tchalitchi munthu amaliona kaya kuli mitambo kaya kulibe. Nyumba za B&B zimene zinatsala zinasintha khalidwe: zipinda zinachepa, mabafa anachuluka, malamulo aukali aja anatha, ndipo mlendo anayamba kupatsidwa kiyi wake wa khomo lakumaso.

Whitby ndi chitsanzo chabwino cha tauni yotere. Ili kumpoto chakum'mawa kwa England, pamene mtsinje wa Esk umathira m'nyanja ya North Sea, ndipo muli anthu pafupifupi 13,000. Mtsinjewo unagawa tauni pawiri, mbali ziwirizo n'kulumikizidwa ndi mlatho wa mu 1909 umene umatembenuka kuti maboti adutse. Kum'mawa kuli tauni yakale, ya tinjira topapatiza ndi tinyumba ta asodzi tothithikana m'mbali mwa phiri. Kumadzulo, pamwamba pa phompho lotchedwa West Cliff, kuli mizere ya nyumba zazitali za nsanjika zitatu kapena zinayi, ndipo nyumba zambiri za B&B zili kumeneko.

Mizere imeneyi ili ndi mbiri yakeyake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1840 George Hudson, mkulu wa makampani a njanji amene ankamutcha mfumu ya njanji, anagula minda ya ku West Cliff kuti amangepo malo ofikira alendo amene sitima zake zinkabweretsa. Chuma chake chinagwa ntchito ili mkati, ndipo mzere wokhota wotchedwa Royal Crescent unalekezera pakati. Mpaka lero ndi theka chabe. Pa nambala 6 mumzerewu ndi pamene mlembi Bram Stoker anafikira mu 1890, ndipo zimene ankaona kutsidya, mabwinja, manda ndi masitepe, zinalowa m'buku lake la Dracula la mu 1897. Mlendo wogona ku West Cliff amakhala, tsono, m'nyumba imene ndi mbali ya zakale zimene wabwera kudzaona, ngakhale ambiri saganizako.

Chimene chimakoka anthu koposa chili pamwamba pa phompho la kum'mawa. Kuchokera kumapeto kwa Church Street munthu amakwera masitepe 199, okhala ndi malo opumira apo ndi apo amene kale ankathandiza onyamula maliro, n'kukafika ku tchalitchi cha St Mary ndi manda ake. Kuseri kwake kuli mabwinja a Whitby Abbey. Nyumba yoyamba ya amonke pamalopa inakhazikitsidwa mu 657 ndi mfumu Oswiu ya Northumbria, ndipo mtsogoleri wake anali mayi, Hild, amene ankayang'anira amonke ndi masisitere pamodzi. Mu 664 panachitikira msonkhano waukulu wa mpingo umene unagamula kuti Akhristu a ku Northumbria azitsata kawerengedwe ka ku Roma ka tsiku la Pasaka, osati ka amonke ochokera ku Ireland ndi Iona. Caedmon, mlakatuli woyamba wa Chingelezi amene dzina lake limadziwika, anali woweta ziweto pamalo omwewa. Ankhondo a Viking atafika cha m'ma 867 malowa anasanduka bwinja. Amonke a Benedikito anadzawadzutsanso pambuyo pa 1066, ndipo makoma aatali amene akuoneka lero anayamba kumangidwa cha m'ma 1220. Mfumu Henry VIII inatseka nyumbayi mu 1539, mphepo ndi mvula n'kupitiriza ntchito yogumula, ndipo pa 16 Disembala 1914 sitima zankhondo za Germany zinaombera tauniyi, mizinga ina n'kugunda mabwinjawo. Pano amawasamalira ndi a English Heritage, ndipo polowa pamakhala cholipira.

Kumunsi, kudoko, zakale zake ndi za panyanja. Woyenda panyanja James Cook anabwera kuno mu 1746 kudzaphunzira ntchito ya pasitima kwa John Walker, mwini sitima zonyamula malasha, ndipo nyumba ya Walker mu Grape Lane tsopano ndi yosungiramo zinthu za Cook. Sitima ya Endeavour, imene anapita nayo ku Pacific mu 1768, inakhomedwa ku Whitby mu 1764 kuti izinyamula malasha. Kuyambira zaka za m'ma 1750 mpaka za m'ma 1830 amuna a kuno ankapita ku Arctic kukapha anamgumi, ndipo pa West Cliff pali chipata cha nsagwada ziwiri za namgumi chokumbutsa ntchitoyo. Palinso mwala wakuda wonyezimira wotchedwa jet, umene ndi mtengo wakalekale wouma n'kusanduka mwala. Mfumukazi Victoria itayamba kuvala mikanda ya mwalawu polira mwamuna wake Albert, amene anamwalira mu 1861, malonda ake anakwera mpaka anthu oposa 1,000 ankadyera ntchito yousema. Masitolo ogulitsa zokongoletsera zake akadalipo mu Church Street.

Zonsezi zili moyandikana, moti munthu wamphamvu angazizungulire wapansi tsiku limodzi. N'chifukwa chake ambiri amabwera m'mawa pa basi kapena galimoto n'kubwerera madzulo. Phindu lenileni logonera lili pa maola. M'miyezi yotentha, kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 4 koloko, pamlatho ndi mu Church Street anthu amayenda mokankhana, ndipo pamasitepe paja pamakhala mzere. Wogona m'taunimo amakhala ndi m'mawa ndi madzulo, pamene mabasi sanafike kapena apita. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 4:30 m'mawa n'kulowa itadutsa 9:30 usiku, ndipo popeza gombe la Whitby linayang'ana kumpoto, m'masabata amenewo limatulukira m'nyanja n'kuloweranso m'nyanja. Mabwinja amakhala otseka nthawi zotere, koma masitepe, manda, doko ndi njira ya m'mphepete mwa phompho sizitsekedwa. Zonena zoona, bedi la ku B&B silisiyana kwenikweni ndi la hotela yatsopano ya pamsewu waukulu kunja kwa tauni. Chimene mlendo amagula ndi kukhala pafupi, kuti galimoto iime masiku onse iye n'kumayenda wapansi.

Kukhala pafupi kumeneku kuli ndi mtengo wina wosawerengedwa m'ndalama. Nyumba ya zaka zoposa 150 ili ndi masitepe aatali ndi opapatiza, chikepe mulibe, ndipo chipinda chooneka bwino nyanja kawirikawiri ndi chapamwamba penipeni. Wachikulire kapena wovutika miyendo amayenera kufunsa msanga ngati pali chipinda chapansi, pakuti nthawi zambiri pansi pamakhala podyera ndi pokhala eni nyumba. Nyumba zambiri zili m'kaundula wa boma wa nyumba zakale zotetezedwa, amene ali ndi magulu atatu, Grade I, II* ndi II. Mwini nyumba yotere sangasinthe mawindo kapena kugumula khoma popanda chilolezo cha khonsolo, choncho mawindo amatabwa amagwedera mphepo ikakula, ndipo bafa limakhala kachipinda kochita kudulidwa pakona ya chipinda chogona. Mawu a m'zotsatsa amafuna kuwamvetsa. En suite ndiye kuti bafa ndi chimbudzi zili m'chipinda momwemo. Private bathroom ndi bafa la mlendoyo yekha koma lili panja pa chipinda, kutsidya kwa kolido. Sea view ndi nyanja yooneka bwinobwino pawindo, pomwe sea glimpse ndi kachigamba ka madzi kooneka pakati pa madenga a nyumba zina.

Poimika galimoto ndi vuto lina, chifukwa mizereyi inamangidwa galimoto zisanabwere. Nyumba zina zimapatsa mlendo chiphaso choimikira mumsewu, koma malo enieniwo amachita kusaka. Ndiye pali mbalame zoyera za kunyanja, zimene zimamanga zisa pamadenga n'kuyamba kulira kusanache. Lamulo la mu 1981 limateteza zisa zake, kotero mwini nyumba sangangozisasula. Masana mbalame zomwezi zimatsomphola tchipisi m'manja mwa munthu ngati kabawi pa anapiye, ndipo m'mbali mwa doko muli zikwangwani zoletsa kuzidyetsa.

Kadzutsa ndiye amene nyumba zimapikisanirana. Amaperekedwa pa nthawi yoikika, kawirikawiri pakati pa 8 koloko ndi 9:30, ndipo wochedwa amapeza mbale zitatsukidwa. Mbale yaikulu, imene amaitcha full English, imakhala ndi mazira, nyama ya nkhumba yodulidwa mopyapyala, soseji, nyemba zam'chitini, bowa, tomato wokazinga ndi buledi wowotcha, kumpoto kuno n'kuwonjezerapo soseji ya uwende. Pambali pamakhala phala la oats, zipatso, tiyi ndi khofi. Ku Whitby nyumba zina zimaperekanso kipper, nsomba yong'ambidwa pakati, yothiridwa mchere ndi kuwambidwa pa utsi. A Fortune's akhala akuwamba nsombazi mu Henrietta Street, m'munsi mwa masitepe aja, kuyambira 1872. Nyumba zambiri zimapempha mlendo kuti alembe madzulo chimene adzadye m'mawa, pofuna kuti chakudya chisatayike. Wosadya nyama ya nkhumba, kapena amene zakudya zina zimamuwenga, amanena polembetsa, chifukwa khitchini ndi ya banja, ilibe zosungira zambiri.

Ophika, operekera, oyala mabedi ndi olandira alendo nthawi zambiri ndi anthu awiri omwewo, bambo ndi mayi a nyumbayo. Apa ndi pamene pamachokera malamulo amene mlendo wozolowera hotela amadabwa nawo. Palibe munthu wodikirira pakhomo usiku wonse. Nthawi yofikira imakhala yochepa, monga kuyambira 3 kapena 4 koloko mpaka madzulo, ndipo wochedwa panjira amayenera kuimba foni. Chipinda chimasiyidwa pofika 10 kapena 11 koloko m'mawa, chifukwa pakati pa maola amenewa ndi pamene eni nyumba amakolopa, kuchapa ndi kupita kokagula zinthu. Nyumba zina sizilandira ana aang'ono, zina zimalandira agalu, ndipo pafupifupi zonse zimaletsa fodya. Phokoso la usiku limamveka nyumba yonse. Chobwezera chake n'chakuti mwini nyumba ndi munthu wa m'taunimo, ndipo pa kadzutsa amatha kunena nthawi imene madzi aphwe lero, basi yopita ku mudzi wa Robin Hood's Bay, njira imene yatereka ndi mvula, ndi kumene eni tauni amagula nsomba ndi tchipisi popanda kuima pamzere.

Boma nalo silizisiya nyumbazi kuti ndi zapakhomo. Wopereka kadzutsa kwa olipira amalembetsa ku khonsolo ngati bizinesi ya zakudya, oyendera amabwera n'kupereka mlingo wa ukhondo kuyambira 0 mpaka 5, ndipo lamulo la mu 2005 limafuna kuti mwini nyumba aunike ngozi ya moto ndi kuika zochenjeza. Lamulo lina la mu 1972 limafuna kuti alembe dzina la mlendo aliyense wamkulu ndi dziko lake, choncho wochokera kunja asadabwe akafunsidwa zimenezi. Nyenyezi zokha ndi zodzifunira, ndipo nyumba zambiri zabwino zilibe, chifukwa kuyenderedwa kumalipiritsa ndipo alendo a masiku ano amakhulupirira kwambiri ndemanga za anzawo pa intaneti.

Mtengo umayendera nyengo. Julayi ndi Ogasiti, pamene sukulu zatseka, ndiyo miyezi yodula, ndipo kumapeto kwa sabata nyumba zambiri zimafuna kuti mlendo agone masiku osachepera awiri. Ku Whitby kulinso masabata amene malo amatha miyezi ingapo zisanachitike: mpikisano wa maboti wa mu Ogasiti, ndi Whitby Goth Weekend, chikondwerero cha anthu ovala zakuda chimene chinayamba mu 1994 ndipo chimachitika kawiri pachaka. Meyi, Juni ndi Seputembala ndi miyezi imene masana ndi otalika koma anthu ndi ochepako. M'nyengo yozizira mtengo umatsika, koma mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, malo ena oonera zakale amatsegula masiku ochepa pa sabata, ndipo eni nyumba ambiri amatseka mu Januwale kuti apente ndi kupuma. Kale mlendo ankangoyenda mumsewu kuyang'ana kachikwangwani ka pawindo kolembedwa Vacancies kapena No Vacancies. Tizikwangwaniti tikadalipo, koma ambiri amalembetsa kudzera m'makampani a pa intaneti, amene amadulapo gawo lawo, kawirikawiri cha m'ma 15 pa 100 iliyonse. Ichi n'chifukwa chake kuimbira mwini nyumba mwachindunji nthawi zina kumatsitsako mtengo. Polembetsa pamafunika kuona ngati mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ndiponso ngati ndalama ya chikole imabwezedwa ulendo ukalephereka.

Nyanja yeniyeniyo imafuna kuidziwa, makamaka kwa amene anazolowera nyanja ya Malawi, imene madzi ake sasuntha m'mawa ndi madzulo. North Sea imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, nthawi yake n'kumachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, ndipo ku Whitby madzi amatha kukwera mamita pafupifupi 5. Mchenga umene munthu anayendapo m'mawa umamira masana, ndipo ofuna miyala yakale m'tsinde mwa maphompho amatha kutsekeredwa ndi madzi. Madziwo ndi ozizira, ngakhale mu Ogasiti amangofika cha m'ma madigiri 15. Kumpoto, ku Northumberland, kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja ndiko kumalamula ulendo wonse wa ku Lindisfarne, chilumba chimene Aidan anakhazikitsapo nyumba ya amonke mu 635 ndipo a Viking anachiukira mu 793. Msewu wopitako umamira kawiri patsiku, khonsolo imasindikiza nthawi zowolokera, ndipo pakati panjira pali kanyumba ka pamitengo kothawiramo madalaivala amene anyozera nthawizo. Wogona pa B&B ya pachilumbapo amatsala ndi eni mudzi okha madzi akatseka njira. Maphompho a ku Yorkshire nawo ndi a dothi ndi miyala yofewa imene imagumuka. Mu Juni 1993 hotela ya Holbeck Hall ku Scarborough inagumukira kunyanja phompho litatsetsereka, alendo atatulutsidwa kale. Zikwangwani zotseka njira ya m'mphepete siziikidwa mwamwambo chabe.

M'zaka zaposachedwa mpikisano waukulu wa B&B ukuchokera ku nyumba zobwereka zathunthu, zimene mlendo amatenga kiyi m'kabokosi ka pakhomo n'kumadziphikira, osaonana ndi mwini wake. Zimenezi zinachuluka kuyambira pamene Airbnb, imene inayamba mu 2008, ndi makampani ena anafewetsa kalembetsedwe. Kwa banja la ana ambiri n'zotsikirako mtengo. Kwa tauni, tinyumba ta asodzi ta kum'mawa kwa mtsinje tambiri tinasanduka ta alendo, mitengo ya nyumba inakwera, ndipo achinyamata obadwira konko akulephera kugula kapena kuchita lendi. Mu Juni 2022 anthu a ku Whitby anaponya voti ya m'dera, ndipo ochuluka kwambiri mwa ovotawo anafuna kuti nyumba zatsopano zizigulitsidwa kwa okhalamo chaka chonse okha. Votiyo sinali yomanga boma, koma kuyambira Epulo 2025 khonsolo ya North Yorkshire imalipiritsa msonkho wowirikiza kawiri pa nyumba zachiwiri za anthu okhala kwina. B&B siigwera m'gulu limeneli, chifukwa mwini wake amagona momwemo, amavota m'taunimo ndipo amagula mazira ndi soseji kwa ogulitsa a pafupi. Chimene chikuchepetsa nyumbazi ndi kulemera kwa ntchito yake, ya tsiku lililonse kuyambira m'mamawa kwa miyezi yambiri yotsatizana. Eni ake akakalamba n'kugulitsa, wogula sakhala nthawi zonse munthu wofuna kukazinga mazira a alendo, ndipo nyumba zina zazitali za ku West Cliff zagawidwa kale kukhala mafulati obwereka.